Dima la Okalamba

M'buku la Levitiko, mutu 19, Mulungu anapatsa ana a Israyeli malamulo awiri amene anthu ambiri sawawerengera pamodzi. Loyamba lili pa ndime 9 ndi 10, ndilo la munda: wokolola asasese munda wonse, koma asiyeko zina kuti wosauka ndi mlendo apezepo cakudya. Laciwiri lili pa ndime 32, ndilo la imvi: wamng'ono aimirire pofika munthu wokalamba, namlemekeze cifukwa ca kuopa Mulungu. Malamulo awiriwa ali m'mutu umodzi, ndipo kumudzi akomana pa khomo limodzi, ndilo khomo la mai wokalamba amene munda ali nao, koma mphamvu ya kuulima inatha.

Ayuda, amene anayamba kulandira malamulowa, akali kuwasunga. Ku Johannesburg, kumene amuna ambiri a kuno anapita kukagwira nchito, kuli bungwe lao lochedwa Chevrah Kadisha, limene linayamba caka ca 1888 kuika maliro ndi kuthandiza osowa. Bungwelo lisunga okalamba m'nyumba yaikulu yochedwa Sandringham Gardens. Ku England nako, kuyambira caka ca 2005, Ayuda apatula tsiku limodzi m'mwezi wa Novembala, lochedwa Mitzvah Day, ndiko kunena tsiku la kucita cimene Mulungu analamula. Tsikulo munthu sapemphedwa ndalama, koma manja ace ndi nthawi yace. Ena apita ku nyumba za okalamba, nazula udzu, nabzala mbeu ndi maluwa, nakonza pabwalo pamene agogo aothera dzuwa, osalandirapo malipiro.

Aphunzitsi ao akale anaphunzitsa kuti kupatsa ndalama nkwabwino, koma cifundo cimene munthu acita ndi thupi lace ciposa. Pakuti ndalama ithandiza wosauka yekha, koma dzanja la mnzace alifuna wosauka ndi wolemera yemwe. Mkristu asacite manyazi kuphunzira pamenepa, popeza Ambuye Yesu anabadwa Myuda, nakula alikumva malamulo omwewo m'sunagoge.

Kuno ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi wokalamba sayembekeza nyumba yotere. Boma la Zambia lili nazo zowerengeka, monga ya Maramba ku Livingstone ndi ya Chibolya ku Mufulira, ndipo zonsezi zili kutali. Nyumba ya okalamba ya Acewa ndiyo mudzi. Kale mwini mbumba anayang'anira alongo ace kufikira imvi. Mkamwini analima munda wa apongozi. Adzukulu anatunga madzi, natola nkhuni. Koma anyamata anapita ku migodi, ku Bulawayo ndi ku Joni, ena kukathirira maluwa a eni nyumba pa malipiro, minda ya amai ao ilikumera tsekera. Lero apita ku Chipata ndi ku Lusaka. M'zaka za 1990 nthenda ya Edzi inatenga ambiri amene akadagwira khasu, nisiya ana amasiye m'manja mwa agogo.

Boma linaona bvutoli. Caka ca 2007 linayamba kuyesa m'boma la Katete kupatsa ndalama anthu a zaka 60 ndi kuposapo. Cimeneco cinali cabwino, ndipo thandizo lililonse lotere liyenera kuyamikidwa. Koma ndalama igula mcere ndi sopo. Siigwira khasu, siimanga mpanda wogwa, siikhala pa mphasa kumva za msana umene uwawa. Ndipo pamene mvula inakana m'dzinja la 2023 ndi 2024, kufikira kuti pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza cilalaco kukhala tsoka la dziko lonse, amphamvu anathamangira ku ganyu ndi ku madimba. Kodi wosatha kusenza ndowa anathamangira kuti?

Makolo anali ndi mwambo wa dima. Munthu wocepa manja anafulula mowa kapena thobwa, naitana anzace. Iwo analima munda wace tsiku limodzi, namwa, nabalalika. Mwambowo unali ndi nzeru, pakuti mutu umodzi susenza denga. Koma unali ndi copereweranso cace: dima linapita kwa iye amene anali ndi cimera. Wopanda cimanga ca kufulula analibe oitana. Pa Luka 14, ndime 12 kufikira 14, Yesu aphunzitsa kuti wokonza phwando aitane iwo amene sangathe kumbwezera, ndipo mphotho yace idzacokera kwa Mulungu pa kuuka kwa olungama. Comweco dima la Akristu ndilo lopita kumene kulibe mtsuko wa thobwa.

Citsanzo ca nchitoyi ndiye Rute. Iye anali Mmoabu, mlendo, ndipo mwamuna wace atafa panalibe comkakamiza kukhala ndi Naomi, mpongozi wace wokalamba. Koma anatsagana naye ku Betelehemu, nawerama tsiku lonse m'munda wa Boazi kutola zotsala za okolola, nabwera nazo madzulo kwa Naomi. Mwa mkazi ameneyu munabadwa Obedi, agogo ace a Davide. Cenjezo nalo lilipo, pa Marko 7, pamene Yesu adzudzula iwo amene ananena kuti cuma cao anacipereka kale kwa Mulungu, nasiya atate ndi amai ao m'kusowa. Munthu angathe kuimba m'kwaya, osaphonya msonkhano wa cigwirizano, napereka cakhumi, koma ngati munda wa amai ace uli thengo, Ambuye auona.

Coipa coposa ndi ici: wokalamba amene mudzi wamtaya, mudzi womwewo ucedwa pang'ono kumucha mfiti. Akhala yekha, maso afiira ndi utsi, alankhula yekha popeza palibe womyankha. Mwana akadwala, zala ziloza khomo lace. Ili ndi chimo. Koma pakhomo pamene Akristu alowa ndi makasu mlungu ndi mlungu, bodza lotere silipeza pokhala.

Tsono mpingo uliwonse, kuyambira ku Nyanje ndi ku Chassa kufikira ku malire a Vubwi, ungathe kuika nchitoyi pa miyezi ya caka. Akulu a mpingo awerenge okalamba a m'midzi yao, Akristu ndi osapemphera omwe, pakuti imvi zilibe mpingo. M'Okutobala anyamata akasose ndi kupanga mizere. Mvula yoyamba ikagwa, m'Novembala kapena m'Disembala, munda wa wokalamba ubzalidwe poyamba, usatsalire, cifukwa cimanga cocedwa sicidzaza nkhokwe. M'Januwale akapalire. M'Febuluwale, mwezi wa njala, amai akaone ngati m'citini muli ufa. Pokolola amange nkhokwe, nafutse ndiwo. Kuyambira Meyi, dambo likaphwa, amkonzere kadimba pafupi ndi citsime, ka mpiru, repu, anyezi ndi matimati, namange mpanda wolimba cifukwa ca mbuzi ndi ng'ombe. Kuseri kwa nyumba abzale papaya ndi nthoci, kumene atayira madzi.

Pocita izi akumbuke kuti mundawo ndi wa mwini. Asafike ngati akapitao, koma aodire, napereke moni, nafunse kuti, Agogo, mbeu iti ibzalidwe pano? Wokalamba adziwa pamene madzi aima, adziwa nyemba ndi maungu amene amera bwino pa nthakayo. Ngakhale sangathe kulima, angathe kusankha mbeu, kutongola cimanga ndi kuingitsa nkhuku; ndipo munthu amene akali ndi nchito akali ndi cimwemwe. Akulu ndi m'dambo mozimira moto: wopita kukawalimira abwera ndi nzeru imene sanapite nayo.

Caka ndi caka, m'mwezi wa Ogasiti, Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique asonkhana ku Mkaika kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi ndi mitulo yao. Anthu odziwa kulemekeza mfumu cotero sayenera kuphunzitsidwa kawiri za ulemu wa imvi. Ndipo Mfumu ya mafumu, ili pa mtanda, sinaiwale amai ace, koma inawapereka m'manja mwa wophunzira wokondedwa, amene anawatengera kwao kuyambira nthawi yomweyo. Amai otere alipo m'mudzi uliwonse, ndipo ophunzira nao alipo.

Mulungu apatse mpingo wace manja ofulumira, kuti caka cino pasapezeke munda wa wokalamba wogona cifukwa ca kusowa wolima. Amen.