Amamenya Mpira Uja Ndani?

Mphunzitsi wanga wa tenisi, mnyamata woti ndikhoza kumubala, adatopa nane tsiku lina. "Bambo, mukuganiza kwambiri. Lisiyeni dzanjalo." N'zoona, ndinkabwereza m'mutu malamulo onse a backhand: tembenuza phewa, pinda mawondo, racket ichokere pansi kukwera m'mwamba kuti mpira uzungulire, zija amati topspin. Pomaliza kubwerezako, mpira unali utadutsa kale.

Mawu akewo adandisowetsa mtendere masiku ambiri. Ngati ine sindikuganiza, amamenya mpira uja ndani?

Timothy Gallwey, m'buku lake la 1974 lotchedwa The Inner Game of Tennis, adati mwa wosewera muli anthu awiri: wina wolamula ndi kudzudzula, wina wochita. Bwalo la tenisi ndi lotalika mamita 23.77, ndipo serve yothamanga makilomita 200 pa ola imakupeza sekondi isanathe. Wolamula uja sapeza n'komwe mpata wotsegula pakamwa. Pamenepo Gallwey ndimamuvomereza.

Chimene ndimakana n'chakuti dzanja lili ndi nzeru zake zobadwa nazo. Taonani Roger Federer. Kwa zaka zambiri Rafael Nadal, yemwe ankasewera ndi dzanja lamanzere, ankamutumizira mipira yodumpha mpaka m'phewa, kumbali ya backhand. Federer, womenya backhand ndi dzanja limodzi, ankavutika nayo, nthawi zambiri n'kumangoibweza ndi slice. Mu 2014 adatenga racket yokulirapo. Mu Januwale 2017, ali ndi zaka 35, atakhala miyezi isanu ndi umodzi osasewera chifukwa cha bondo, adabwera akuuchingamira mpira usanakwere, n'kuumenya mwamphamvu. Pa fainali ya Australian Open ku Melbourne, m'seti yachisanu, Nadal ankatsogola 3-1. Federer adatenga magemu asanu otsatizana, chikho n'kukhala chake.

Usiku umenewo dzanja lidachita lokha, inde. Koma adaliphunzitsa ndi mwini wake, pa bwalo lopanda oonerera, mpira ndi mpira, atasankha yekha kusintha.

N'chifukwa chake mawu oti "ndinangochita osaganiza" sindiwalandiranso, ngakhale akutuluka m'kamwa mwanga nditamukalipira mwana kunyumba. Lilime limenelo ndidalizoloweza ndekha, zaka ndi zaka, pa tinthu ting'onoting'ono. Adamenya mpira ku Melbourne ndi Federer, ndipo adakalipira mwana uja ndine.