Kodi kudziwa kopanda chithandizo n'tchimo?

Pakati pa mphatso zimene mwana wa munthu angalandire masiku ano, palibe yosiririka ngati thandizo la ndalama lomtuma kutsidya la nyanja kukafufuza za matenda, makamaka likafika kwa amene anatsiriza kale digiri ya PhD, nakhala womasuka kusankha yekha funso loti alitsate. Koma mzinda wa Kabwe ku Zambia, umene kufikira 1966 unkatchedwa Broken Hill, umaumiriza wolandira mphatso yotere kudzifunsa ngati nzeru adzabwera nazozo zili chuma chake, kapena ngongole.

Mgodi wa mtovu umene unabala mzindawu unatsekedwa mu 1994, koma fumbi lake linatsalira m'mabwalo a Kasanda, Makululu ndi Chowa, kumene khanda lokwawa limagwira dothi n'kuika chala m'kamwa, mtovu n'kulowa m'magazi, n'kukabisala m'mafupa, n'kuwononga ubongo mwakachetechete, kotero kuti mayi amangoona mwana wochedwa kugwira za m'kalasi, osadziwa chomudya. Ndipo izi sizinadziwike dzulo ayi: Dr A.R.L. Clark, atayeza magazi a ana a ku Kasanda, analemba zimene anapeza mu 1975 ku London School of Hygiene and Tropical Medicine. Ana amenewo, amene akali ndi moyo, ndi agogo tsopano, ndipo adzukulu awo akuyezedwanso.

Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo sindidzanyoza kalumoko. Dr John Yabe, panthawiyo wa ku University of Zambia, dokotala wa ziweto amene anakaphunzira ku Hokkaido University ku Japan, anayamba ndi kuyeza ng'ombe ndi nkhuku za ku Kabwe, kenaka pamodzi ndi anzake anafalitsa mu 2015 zotsatira za ana 246, onse mpaka womaliza ali ndi mtovu wopyola mlingo woyenera kudetsa nkhawa. Ndipo mu 2016 inayamba ntchito yofufuza za mtovu ya KAMPAI, ya masukulu awiriwa, ndi ndalama za ku Japan. Popanda mboni zotere, kulira kwa amayi kukanangotchedwa mphekesera, ndipo mlandu wosumira kampani ya migodi ya Anglo American, umene unaperekedwa kubwalo la ku Johannesburg mu 2020, ukanasowa poimirira.

Komabe Malemba amaika kulemera kwa tchimo pa wodziwa, osati pa wosadziwa, ndipo kapolo uja wa m'fanizo la matalente anatsutsidwa, osati chifukwa choba ndalama ya mbuye wake, koma poikwirira pansi. Pepala lolembedwa m'Chingerezi chozama, lowerengedwa ndi anthu ophunzira okhaokha, lingathe kukhala dzenje lotero. Thandizo la kafukufuku limatha pakapita zaka zowerengeka, wofufuza n'kulandira ulemu wake, monga kuyeneradi. Koma mwana wopatsidwa mankhwala otulutsa mtovu amabwerera kubwalo lomwelo, kumene mphepo ya mwezi wa Ogasiti imaulutsa fumbi la pa phiri la zinyalala za mgodi lotchedwa Black Mountain.

Ine ndiyesa kuti wofufuza sachimwa polephera kuchotsa phirilo, pakuti imeneyo ndi ntchito ya boma ndi ya amene anadya phindu la mgodi. Mlandu wa wofufuza uli pafupi koposa: magazi anatengedwa pamkono wa mwana wa dzina lake, amake atavomera, ndipo mayiyo ayenera kuuzidwa m'Chibemba, m'Chilenje kapena m'Chinyanja, nambala ya mwana wake ndi tanthauzo lake, pepala lisanapite kukasindikizidwa.