Kodi Wotonthoza Anzake Amtonthoza Ndani?

Ife a ku Phalombe ndife anthu a m'malire, ndipo ulendo tiudziwa. Makolo a Alomwe ambiri anadza kuno pothawa chibalo cha Apwitikizi. Nkhondo ya ku Mozambique itakula mu 1986, othawa anadzaza Chiringa kufikira mtendere wa 1992. M'mwezi wa April 2015 ana athu ena anabwerera pa mabasi, atapitikitsidwa ku Durban. Ambiri a iwo anafika thupi liri lamoyo koma mtima uli wosweka: tulo sabwera, kaphokoso kakang'ono kawadzidzimutsa, ena athawira ku kachasu.

Anthu otere amakhuthula za kukhosi kwa anamwino ndi aphungu a ku chipatala, ndipo ku midzi amapita kwa inu akatekisi. Tsono akatswiri a matenda a maganizo ali ndi mwambo wao: phungu ali yense akhale ndi mkulu wodziwa nchitoyo, wokomana naye nthawi ndi nthawi, kuti amfotokozere nkhani zomlemera ndi kulandira malangizo.

Wina adzafunsa kuti: kodi kumeneku si kuulula chinsinsi? Mai wakuuzani zimene anamchita pa njira, zimene ngakhale mwamuna wake sazidziwa; inu mukazitula bwanji kwa munthu wina? Funsoli ndi lolungama, pakuti kuwanditsa mbiri ya mnzako ndi tchimo lotsutsa lamulo la 8 la Mulungu.

Koma tisiyanitse zinthu. Chinsinsi cha kulapa wansembe sangachiswe, ngakhale pa imfa. Chinsinsi cha uphungu chasungidwa chifukwa cha ubwino wa wodwalayo, ndipo ubwino womwewo ufuna kuti phungu asasokere. Womvera za nkhanza masiku onse amatopa. Kenaka mtima uuma, kapena chisoni chimphimba m'maso, nayamba kulonjeza zimene sangathe, kapena kukometsa nkhani m'kalata yopita kwa akulu a za malire. Iye mwini saona zimenezi. Diso silidziona lokha. Mose yemwe anamvera mpongozi wake Yetero pamene anamchenjeza kuti adzalefuka akasenza yekha milandu ya Aisraele.

Chifukwa chake kufunsa uphungu nkololedwa, koma pa njira yake. Muuzeni mai uja poyamba kuti mudzafunsa nzeru kwa mkulu wanu. Pitani kwa munthu mmodzi woikidwa, osati kwa mnansi kapena ku chitsime. Bisani dzina, mudzi, ndi chizindikiro chiri chonse chomdziwitsa. Ndipo mukaona kuti nthenda yakula, monga pamene munthu anena zodzipha, mperekezeni ku chipatala msanga.

Mutu umodzi susenza denga. Abale, pakati pa amene timawapempherera Lamulungu tisaiwale omvera misozi ya alendo; ndipo inu akatekisi, musachite manyazi kugogoda pa khomo la bambo mfumu katundu akalemera.