Tigule kwa Mwana wa Kwathu kapena kwa Eni Fakitale?

Amayi anzanga, mwezi watha msonkhano wathu wa Chigwirizano unatalika chifukwa cha kompyuta. Mwana wa mnzathu wamasiye anapeza malo ku Chalimbana University, ndipo tinasonkha ndalama zomugulira laputopu. Ndalama zinakwana, koma mitima inagawikana. Ena anati tipite ku Lusaka tikagule yatsopano, ya m'bokosi, kwa ogulitsa ovomerezedwa ndi kampani yaikulu monga HP, Dell kapena Lenovo. Ena anati ayi, pano pa Chongwe pali mnyamata wa kashopu kake, mwana amene tinamuona akukula. Kumulumpha iye ndi kukapereka ndalama kwa olemera kale ndiko kusowa chikondi. Mayi wina wachikulire anatsendera ndi mwambi: mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Popeza ndine mphunzitsi, maso onse anagwera pa ine. Ndinapempha sabata imodzi kuti ndiganize.

Choyamba chimene chinandivuta ndi ichi: ndalamazo sizinalinso zathu. Tinali titazipereka kale kwa mwana wamasiye. Kodi ndingachitire chifundo munthu mmodzi ndi ndalama za wina? Tikagula chinthu chofooka pofuna kukondweretsa mnansi, amene adzalire usiku wa mayeso ndi mtsikana uja, ife tili mtulo.

Mashopu aang'ono ambiri amagulitsa makompyuta amene anagwirapo ntchito m'maofesi a kunja. Ambiri ndi olimba ndithu, ndipo mtengo wake ndi wofikirika. Koma pali zofunsa. Kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mu Okutobala 2025, ndipo makina akale ambiri salandira Windows 11. Palinso batire. Tonse tikukumbukira chilala cha 2024, pamene madzi anachepa ku Kariba ndipo magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse. Laputopu ya batire lotopa ndi mbale yopanda ndiwo.

Nayo kampani yaikulu ili ndi pake. Imapereka lonjezo lolembedwa, kawirikawiri la chaka chimodzi, ndipo chinthucho ndi chatsopano. Koma lonjezolo limakhala ku Lusaka, makilomita oposa 40 kuchokera pano. Muyenera kulipira basi, kusiya makinawo, mwina ndi kudikira chitsulo chochokera kunja. Ndipo nthawi zambiri lonjezolo silikhudza makina amene apsa magetsi atabwera mwamphamvu, lomwe ndilo vuto lathu lenileni.

Apa ndinakumbukira chaka cha 2015, pamene ana a Giredi 9 analemba koyamba mayeso a maphunziro a kompyuta. Makina anali ochepa, magetsi ankazima, ndipo m'masukulu ena ana anatuluka usiku. Kusukulu kumene ndinkaphunzitsa, amene anatidzutsira makina akufa anali mnyamata wa m'dera lathu, atagwada pansi ndi tizitsulo take m'thumba. Eni fakitale sanadziwe n'komwe kuti tilipo.

Ndiye ndinaona tchimo lathu, ndipo ndiyambe ndi ine. Ndinapitapo kwa mnyamata wa kashopu, ndi kumufunsa mafunso ola lathunthu, iye n'kundifotokozera zonse mwaulemu. Ndinathokoza, ndinakagula ku Lusaka. Patapita miyezi makinawo anavuta, ndipo ndinabwerera kwa iye yemweyo, ndikumapemphanso kuti andichotsereko mtengo popeza ndine mayi wake wa ku tchalitchi. Ndinakama ng'ombe imene sindinaidyetse. Nzeru za munthu ndi katundu wake, monga tomato wa mayi wa pamsika. Ife amene timakwiya wogula akakanyanga tomato wathu n'kuchoka osagula, tiyenera kumvetsa zimenezi msanga.

Motero sindikhulupirira kuti kugula kwa mnansi ndi lamulo, kapena kuti kugula kwa kampani yaikulu ndi tchimo. Chimene mnansi ayenera kulandira kwa ife ndi mpata woyamba, ndiponso malipiro a nthawi yake. Chimene ife tiyenera kulandira kwa iye ndi choonadi. Kumuchitira manyazi osamufunsa mafunso olimba ndiko kumuchepetsa, ngati kuti sangathe kuchita malonda oongoka. Ngakhale lamulo la dziko lathu loteteza ogula, la chaka cha 2010, limaletsa wamalonda kupachika chikwangwani chokana kubweza katundu woipa. Limagwira shopu yaikulu ndi yaing'ono chimodzimodzi.

Tinapita amayi atatu, mafunso titalemba papepala. Makinawa ndi a chaka chiti? Batire likhala maola angati? Akafa mwezi wamawa mudzachita chiyani? Mnyamatayo anayamba waseka, kenaka anati, "Amayi, iyi ili pashelefu musatenge, ndi yakale. Ndipatseni sabata ndikupezereni ina." Tinamuuza kuti tifuna lisiti ndi lonjezo la miyezi isanu ndi umodzi, lolembedwa ndi dzanja lake. Anazengereza pang'ono, koma analemba.

Amayi ena akali kung'ung'udza kuti tikanawonjeza pang'ono tikanagula yatsopano, ndipo sindinganene kuti akulakwa. Pepalalo lili kwa msungichuma wathu, ndipo mtsikanayo anapita nayo laputopu yake ku Chalimbana Lolemba lapitali.