Vinyo Akatha, Adzatsala Ndani?

Mawu athu akuchokera pa Yohane 2:1-11 ndi Luka 14:28-30.

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mpunga tadula, dzuwa layamba kuwamba, ndipo nyengo ya maukwati yafika. Loweruka lililonse, kuyambira ku Chilumba mpaka ku Kaporo ndi ku Songwe, timamva mahutala a galimoto zomangidwa maliboni, amayi akuimba nthungululu, mbalagha ikununkhira pa mafuwa. Tisangalale ndithu, pakuti ukwati anaukhazikitsa ndi Mulungu mwini m'munda wa Edeni. Koma lero tiyeni tilowe kukhitchini kwa ukwati, kumene zinthu zimakonzedwa tsiku lisanafike.

Masiku ano mnyamata ndi mtsikana akagwirizana, komiti imakhazikitsidwa, gulu la pa WhatsApp limatsegulidwa, ndipo mindandanda imayamba. Mndandanda wa oitanidwa. Mndandanda wa zolipira: holo, keke, diresi, masuti a operekeza, wojambula, woimba nyimbo. Mndandanda wa mphatso: firiji, kama, mbale, mipando. Pansi pa khadi pali nambala ya Airtel Money kapena Mpamba, kuti amene ali ku Lilongwe kapena ku Johannesburg atumize yawo, ena athandizeko ulendo wa hanimuni ku loji ya m'mbali mwa nyanja. Palibe tchimo m'zimenezi. Kulongosola zinthu ndi nzeru. Funso langa ndi limodzi: pa mindandanda yonseyo, dzina la Yesu lili pati?

Yohane akutiuza kuti ku Kana wa ku Galileya kunali ukwati, ndipo Yesu ndi ophunzira ake anachita kuitanidwa. Anthu anadya, anamwa, kenaka vinyo anatha. Inu amayi amene munaphikapo pa ukwati mukudziwa manyazi ake: alendo akadali pa mzere, koma mumphika mwatsala makoko okhaokha. Mariya anaona vutolo, anakauza Mwana wake, nalangiza otumikira kuti amvere chilichonse chimene Iye angalamule. Panali mitsuko isanu ndi umodzi yamwala, uliwonse wolowa malita pafupifupi 100. Anaidzaza madzi mpaka pakamwa, madziwo anasanduka vinyo, ndipo mkulu wa phwando anadabwa kuti vinyo wabwino wabwera kumapeto.

Mverani, abale: pa ukwati uliwonse vinyo amatha. Ndalama za perekani-perekani zimatha. Keke imatha. Diresi imapindidwa n'kulowa m'sutikesi. Hanimuni imatha, ndipo Lolemba m'mawa pamafunika makala, mchere ndi ndalama ya lendi. Ngakhale kutentha kwa chikondi cha masiku oyamba kumazirala. Banja la ku Kana silinapulumuke chifukwa cha komiti yamphamvu. Linapulumuka chifukwa pakati pa oitanidwa panali Mmodzi wokhoza kudzaza mitsuko youma. Nanga vinyo wanu akadzatha, mudzatembenukira kwa yani? Kwa DJ? Kwa anzanu amene anavina mpaka mdima? Kwa amene anakukongozani ndalama?

Pa Luka 14 Ambuye akufanizira munthu wofuna kumanga nsanja, amene ayenera kuyamba wakhala pansi n'kuwerengera ngati angathe kuimaliza, kuopa kuti angasekedwe atasiyira pa maziko. Ambiri a ife timawerengera tsiku limodzi, kuiwala zaka makumi anayi zotsatira. Ndinadalitsapo ukwati wina umene anthu anaukamba mwezi wathunthu. Galimoto zinali mdipiti, ng'ombe ziwiri zinagwa. Patangotha miyezi itatu mkwatibwi anafika kwathu akulira. Firiji ya mphatso inali itatengedwa ndi wa katapila, munda wa mpunga unali utapinyolitsidwa, ndipo m'nyumba munalibe nkhani ina koma yolozana chala. Makolo athu ananena zoona: chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Ife a ku Karonga sitifunika kuphunzitsidwa za maziko. Tikukumbukira zivomerezi za mu Disembala 2009, pamene nthaka inagwedezeka usiku ndi usana, anthu n'kumagona panja poopa nyumba zawo zomwe. Nyumba zina zopaka penti wowala zinang'ambika ngati nsalu yakutha. Chivomerezi sichinayang'ane mtundu wa penti, chinayesa maziko. Banjanso lili ndi zivomerezi zake: matenda, kusowa mwana, kutha kwa ntchito, mtsinje wa North Rukuru kusefukira n'kukokolola munda. Kodi banja loyambira pa ngongole ndi kudzionetsera lidzaima bwanji tsiku limenelo?

Tsopano ndilankhule ndi inu makolo, bambo ndi mayi anga. Malowolo ndi mwambo wathu wolemekezeka. Ng'ombe za malowolo zinali chithokozo, chingwe chomanga mabanja awiri kuti akhale amodzi. Koma tikatchula mtengo woti mnyamata agulitse zonse ndi kukongola pamwamba, mwana wathu wamkazi akadya chiyani kumeneko? Tikakakamiza ana kuchita phwando loposa la kwa aneba, ulemu umene tikufunawo alipire ndani? Ndipo tisabise: m'boma lathu lino ngongole inabala mwambo woipa wa kupimbira, kupereka kamtsikana kwa mwamuna wamkulu kuti ngongole ya makolo ifafanizidwe. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatira, ndipo mu 2017 Malamulo Aakulu a dziko anakonzedwa kuti atsimikize zomwezo. Koma lamulo lisanalembedwe, Mulungu anali atalemba kale chifaniziro chake pa mwana ameneyo. Mwana wa Mulungu ameneyo si malipiro a ngongole ya munthu.

Ndilankhulenso ndi ife oitanidwa. Kupatsa n'kuika, anatero akale, ndipo perekani-perekani anabadwira pamenepo: mutu umodzi susenza denga, choncho mudzi wonse umagwira denga la nyumba yatsopano. Koma taonani mmene tachitira. Munthu amasintha K5,000 kukhala timapepala ting'onoting'ono kuti avine nthawi yaitali anthu akumuona. Wosauka amakhala kumbuyo, mutu uli pansi, poopa kuti akaitana gulu lake alibe choponya. Ambuye amene anayamikira tindalama tiwiri ta mayi wamasiye m'Kachisi amaona lichero lathu ndi maso ena. Perekani chimene muli nacho, ndi mtima woyera. Thini la mbewu ya mpunga wa Kilombero ndi mphatso. Msoti wa nkhuku ndi mphatso. Baibulo ndi mphatso. Kuwachezera akwatiwo patatha chaka, nyimbo zitaleka, n'kuwafunsa mmene akukhalira, imeneyo ndi mphatso imene palibe analemba pa khadi.

Choncho, inu anyamata ndi atsikana amene mukukonzekera, njira zili ziwiri patsogolo panu. Ina ndi ya ukwati wa maso a anthu: vinyo wabwino amabwera poyamba, wowawasa kumapeto. Ina ndi ya ukwati umene Khristu waitanidwako: ukhoza kuyamba ndi madzi wamba, mpunga ndi nyemba pansi pa mtengo wa mango, koma vinyo wake amanka nakoma chaka ndi chaka. Mudzasankha uti? Mufuna kutamidwa tsiku limodzi n'kulira zaka khumi? Mufuna chithunzi chokongola pakhoma la nyumba yopanda mtendere?

Pempho langa ndi ili, ndipo ndikulipereka m'dzina la Ambuye. Komiti isanakumane, khadi lisanasindikizidwe, khalani pansi awirinu pamodzi ndi ankhoswe anu ndi mkulu wa mpingo. Gwadani, muitaneni Yesu poyamba. Mukadzuka, werengerani chimene chilidi m'manja mwanu, ndipo mulonjezane pamaso pa Mulungu kuti simudzalowa m'banja mutasenza ngongole ya phwando. Chimene simungathe, chisiyeni. Ngati ndalama ya hanimuni palibe, nyanja ili pompano, ndipo dzuwa limatuluka kuseri kwa mapiri a kutsidya popanda kulipiritsa munthu. Ena adzanena. Alekeni anene, pakuti sadzagona nawo m'nyumba mwanu.

Abale ndi alongo okondedwa, kuli ukwati wina umene buku la Chivumbulutso limatilonjeza, phwando la Mwanawankhosa ndi Mkwatibwi wake, ndiye Mpingo. Malowolo a ukwati umenewo analipiridwa kale pa Gologota, ndi mwazi wa Mkwati mwini, ndipo palibe ngongole yotsala. Iye amene anadzaza mitsuko ya ku Kana adzaze nyumba zanu ndi chikondi chopirira, akhazikitse maziko anu pa thanthwe losagwedezeka, ndipo akusungeni awiri awiri kufikira tsiku limene tidzakhala pa gome lake, kumene vinyo sadzathanso. Ameni.