Kodi "Chikho" Chimatanthauzanji m'Baibulo?

LIWU Lachihebri la chikho ndilo kohs, ndipo Lachigiriki ndilo poterion, lochokera ku mneni wotanthauza "kumwa." Komabe, kaŵirikaŵiri Malemba samanena za chiŵiya chenichenicho, koma za zimene zathiridwamo. Paphwando, mlendo anali kumwa zimene mwini nyumba wampatsa. Chotero "chikho" chinayamba kuimira gawo limene Mulungu wagaŵira munthu. Kwa Davide chinali madalitso osefukira, pamene kwa mitundu yopanduka ya m'nthaŵi ya Yeremiya chinali vinyo wa mkwiyo wa Yehova.—Salmo 23:5, Yeremiya 25:15.

Pamene Yakobo ndi Yohane anafuna malo apamwamba mu Ufumu, Yesu anawafunsa ngati akakhoza kumwera chikho chake. Iwo anavomera mofulumira, mwachionekere osazindikira kuti chinatanthauza kuvutika kufikira imfa. (Mateyu 20:22) Ngakhale kwa Yesu chinali choŵaŵa chotani nanga! M'Getsemane anapemphera katatu kuti chimpitirire, komabe anagonjera chifuniro cha Atate wake. (Mateyu 26:39-44) Nanga Yakobo? Cha m'ma 44 C.E., Herode Agripa I anamupha ndi lupanga, ndipo anakhala woyamba mwa atumwi kufera chikhulupiriro.—Machitidwe 12:1, 2.