Nyenyezi Sizikugwa, Abale



Chisanu chayamba, mitambo yachoka, kumwamba kwayera. Sabata ino, makamaka pa 5 ndi 6 May, amene adzuke cha m'ma 04:00 n'kuyang'ana kum'mawa aona timoto tikudutsa m'mwamba ngati nyenyezi zothothoka. Ena anena kuti kwinakwake kwagwa maliro. Ena ati mfiti zili pa ulendo. Enanso atenga ndalama ya chimanga chimene angokolola kumene n'kukapereka kwa olosera kuti awamasulire. Imani kaye, mumve.

Zimenezo si nyenyezi ayi. Ndi fumbi. Kuli nyenyezi ya mchira yotchedwa Halley, imene imabwera pafupi ndi dzuwa pakapita zaka pafupifupi 76. Inaoneka mu 1986, ndipo idzabweranso mu 2061. M'njira yake imasiya tizidutswa, tambiri tating'ono ngati mchenga. Chaka chilichonse mu May dziko lathu limadutsa m'fumbi limeneli. Tizidutswato timalowa mumpweya pa liwiro la makilomita 66 pa sekondi imodzi. Kuchoka ku Lusaka kufika ku Chongwe, sekondi siikwana n'komwe! Timapsa tili kutali m'mwamba, pafupifupi makilomita 100, osafika pa denga la munthu.

Tsopano mverani apa. Kamoto kaja kakazima, yang'ananinso. Nyenyezi zonse zili pamalo pake, palibe yasowa. Pa Yesaya 40:26 ndi Salimo 147:4 timaphunzira kuti Mulungu amadziwa chiwerengero chake, ndipo iliyonse anaipatsa dzina. Pa Yeremiya 10:2 akutiletsa kunjenjemera ndi zooneka kumwamba monga achitira anthu osamudziwa.

Mantha amagwira ntchito chimodzimodzi. Loto loipa, mawu a wachibale amene anakuopsezani, uthenga wa pa foni woti mukapanda kutumiza ndalama muona zoopsa: zimang'anima mwamphamvu, mtima n'kugunda. Koma ndi fumbi, m'bale wanga. Ndi fumbi, mlongo wanga. Lonjezo la Mulungu pa moyo wanu silinasunthe. Aleluya!

Choncho musadzitsekere m'nyumba. Anzathu a m'tauni magetsi amawabisira zambiri, koma ife kuno mdima ndi mwayi. Valani juzi, fundani bulangete, dzutsani ana. Zimitsani tochi, foni ikhale m'thumba, maso azolowere mdima kwa mphindi 20. Mwezi ukakhala wowala muona zochepa, koma dikirani ndithu. Mwana akafunsa, muuzeni zoona, asakule ndi mantha amene ife tinakula nawo. Ndipo kamoto kalikonse mukaona, tchulani chinthu chimodzi chimene Yehova wakuchitirani chaka chino.

Tipemphere: Atate, Inu amene mumasunga nyenyezi pamalo pake, sungani nyumba zathu. Chotsani mzimu wa mantha pakati pathu, m'dzina la Yesu. Amen.

A Bishopu akupereka moni kwa nonse. Tumizani uthengawu kwa wina amene sakugona chifukwa cha mantha. Tionana pa Sondo.